Milomo pa Nsapato ya Namondwe

Milomo ija inabweranso. Yofiira psuu, pagalasi, m'mbali mwa nsapato ya kumanzere ya Namondwe.

Mkazi wa Namondwe anaima ndi kansanza m'manja, mtima ukuwira. Iyeyu amagulitsa majezi ndi zipewa pa kashopu ka pakhomo la holo ya zikho za timu, ndipo Loweruka lililonse akamatseka ankapeza milomo imeneyi. Ankapukuta mpaka galasi kulira. Loweruka linalo, milomo n'kubwereranso pamalo pomwepo.

Holoyo ndi yaitali, yonunkhira polishi. Zikho zandandalikana m'makabati, mayina a akatswiri akale alembedwa pakhoma ndi zilembo zagolide. Koma alendo onse amathamangira kumapeto, komwe kuli chithunzi cha m'galasi choyambira pansi mpaka kudenga. Namondwe ali mnyamata, mwendo wa kumanzere wangomenya kumene mpira, goloboyi wa timu inayo ali chigonere m'matope, masapota akusefukira m'bwalo. Chigoli chimenecho ndi chomwe chinabweretsa chikho choyamba m'holomo.

Kuti munthu apsompsone pansi pamenepo ayenera kugwada, ndipo kugwadako ndi komwe kunkamuwawa kwambiri mayiyu. Iye amene wachapa masokosi onunkha a munthuyu chikwatirane, iye amene wamuthowa mawondo ndi madzi otentha mpaka manja kusupuka, sanagwadirepo nsapato. Ndiye wina wochokera uko adzagwade? Ayi ndithu!

Namondwe weniweniyo anali potero, akukonza tayi poyang'ana pa chikho. Timu inamulemba ntchito yoonetsa alendo m'holomo. Mimba inatuluka kalekale, bondo limalira akamakwera masitepe. Koma chiyambireni milomo ija, munthu wamkulu anadetsa imvi ndi mankhwala, anagula perefyumu woboola m'mphuno, ndipo Loweruka ankayenda atakoka mimba.

"Bambo, mwini milomoyu ndi ndani?" anafunsa mkazi wake.

"Sapota chabe, mayi. Ine ndingawaletse anthu kundikonda?"

Anayankha akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunaposa mbama.

"Chabwino. Loweruka likubwerali ndimugwira ndi manja angawa. Ndikapeza kuti mumadziwana, ukwati wathera pomwepo. Chikwama changa chili kale kwa achemwali anga."

Loweruka litafika, mayiyu anakhoma kashopu, ogula majezi n'kumagogoda pachabe. Anabisala kuseri kwa kabati ya chikho chachikulu, pomwe chithunzi chimaoneka bwino. Kunabwera ana asukulu, kunabwera madoda okangana za magemu akale. Atsikana awiri anadzijambula pachithunzipo akuseka, iye n'kukonzeka kudumpha, koma anadutsa osagwada.

Chakumasana kunalowa mayi wochepa thupi, wa imvi zake, atavala diresi labuluu losita bwino. Zikho sanaziyang'ane. Mayina agolide sanawawerenge. Analunjika kumapeto ngati munthu wolowa m'nyumba mwake, n'kuima. Anatsegula kachikwama, anatulutsa kagalasi ndi lipisitiki, n'kuyamba kudzipaka mosafulumira.

Ameneyu? Mkazi wa Namondwe anayembekezera kamtsikana, ndipo kamtsikana akanakamvetsa. Koma wamsinkhu wake yemwe! Ndiye kuti nkhaniyi si ya dzulo. Ndi ya masiku aja timu inkagona m'mahotela, iye ali kunyumba ndi mwana kumsana, khutu lili pa wailesi.

Namondwe naye anamuona mlendoyo. Anasiya madoda aja nkhani ili pakati, anasendera pafupi, anakoka mimba, n'kutsokomola pang'ono. Mayi wa diresi labuluu sanacheuke.

"Onani, akunamizira kusadziwana," mkazi wa Namondwe anang'ung'udza kuseri kwa kabati. "Akuba amatero."

Mlendoyo anagwira khoma, anapinda bondo limodzi, kenako linalo. Ananong'ona mawu osamveka. Anatseka maso n'kugunditsa milomo pagalasi, ndipo anachedwapo.

Basi, zinakwana. Mkazi wa Namondwe anatulukira, n'kumugwira mkono.

"Mayi inu, manyazi mulibe? Mwamuna wa mwini mpaka kumugwadira, anthu akuona?"

Madoda aja anasiya kukangana. Namondwe anakweza manja ngati woleretsa, koma nkhope yake inali ya munthu wokondwa kuti akumulimbirana.

"Mwamuna wa mwini uti?" mlendoyo anafunsa akadali chigwadire.

"Uyo ali pachithunziyo! Ndi yemweyu waima apa, wanunkhira dziko lonseyu!"

Mayiyo anakweza maso pang'onopang'ono, kutsata mwendo mpaka kunkhope, ngati akuiona koyamba. Anayang'ana Namondwe wa tayi, n'kupukusa mutu. Kenako anaika chala pagalasi, m'mbali mwa nsapato ija, pa tsaya la goloboyi wa m'matope.

"Wanga ndi uyu. Anatisiya chaka chatha, ndipo timu yawo inatha kalekale, chithunzi chake ali pagolo kulibenso kwina. Abambo anuwa akanasuntha mwendo pang'ono, bwenzi ndikumuona nkhope yonse."