Tsamba Limene Amayi Anatembenuza

"Amayi a mkwatibwi abwere kutsogolo atiwerengere Mawu," anatero abusa.

Mkwatibwiyo ndinali ine, m'diresi langa loyera. Abusawo anali achilendo, ndipo sankadziwa kuti amayi anga satha kuwerenga ngakhale dzina lawo lomwe. Apongozi anga, aphunzitsi opuma pantchito, anali pabenchi yoyamba atavala magalasi.

"Ndipite ine, amayi?" ananong'ona mkulu wanga.

"Khala pansi iwe," anatero amayi uku akumangitsa duku.

Atafika kuguwa anatsegula Baibulo lalikulu lija paliponse pomwe dzanja linagwera. Kenako anayamba salimo limene ndinkawawerengera ndili wamng'ono, iwo akusita zovala za eni ake. Analinena vesi ndi vesi osadodoma, chala chikuyenda pamizere ya nkhani ina.

Ali pakati pa vesi anaima, ananyowetsa chala ndi malovu, n'kutembenuza tsamba. Pamenepo ndi pomwe ine ndinkatembenuzira m'kabaibulo kathu kothothoka chikuto. Kani ndi zimenezo zomwe anazisunga.

Pobwerera kumalo awo, apongozi anawagwira dzanja.

"Mumawerenga bwino, asewere. Munaphunzira sukulu iti?"

Amayi sanatsitse mawu.

"Ine sukulu sindinapondeko, asewere. Ankandiwerengera ndi mwana mukutengayu, ine n'kumaika mumtima. Bukulo ndatsegula pongolemekeza abusa."