Makina Onama pa Mkono wa a Gwedeza

Lamulo linali loti wophunzira udokotala akadandaula za chipangizo, sukulu imachitumiza kwawo kuti chikayesedwe pa m'bale wake sabata yathunthu. Ndaziona anadandaula kuti makina oyezera kuthamanga kwa magazi amanama. Lachiwiri makinawo anafika, atawalumikiza ku kabokosi ka mapiritsi a bambo ake, a Gwedeza. Kabokosiko kankatseguka pokhapokha makinawo akanena kuti magazi akwera.

Pofika Lachisanu kanali kasanatsegukepo. Mayi ake anasiya kuthira mchere m'ndiwo, komabe a Gwedeza ankayenda chogwirira khoma.

"Fafaniza dandaulolo, mwanawe," anatero mayiwo. "Ukufuna umboni wako ukhale maliro?"

Ndaziona anatola foni kuti afafanize dandaulolo.

"Kodi ukafafaniza, makinawa abwerera kuti?" anafunsa a Gwedeza.

"Ku wodi ya amayi oyembekezera, ababa. N'komwe timaphunzirira."

A Gwedeza anayang'ana akazi awo, akazi awowo n'kuyang'ana kumbali. Kenaka anakhala pampando, napinda mkono wa malaya.

"Ika foniyo pansi. Ndimange makinawo pamkonopa, anamenso. Kwangotsala masiku atatu."