Mtengo wa Kachewere Wosakumba

Zuleka anadina batani lomaliza, nambala n'kutuluka pa kagalasi ka kamakina kake kowerengera. Asanaganize n'komwe, anakatembenuzira kwa a Jasper, mlimi amene anabwera kusitolo kudzagulitsa kachewere akadali m'munda.

Bambo ake, a Nasoro, eni sitoloyo, anam'yandikira msanga. Pa Nsipe wogula mbewu zosakolola saonetsa mtengo wake womaliza. Amayambira pansi, n'kumakwera monyinyirika.

"Iwe, wandivula pagulu!" anam'nong'oneza.

Mu pulogalamu imene analemba yekha kukoleji, Zuleka anaikamo chiwongoladzanja cha kubanki, mitengo ya zaka zapitazo, ndiponso kachewere amene amaola podikira lole. Bambo akewo anali atanenetsa kuti mlimiyu akawathawa, kamakinako kagulitsidwa ndipo kukoleji sabwererako.

A Jasper anasuzumira kagalasiko, khadi la chipani likuonekera m'thumba la malaya awo.

"Ndiye kanthuka kakuti mundipatse zoposa zimene munatchula, a Nasoro?"

"Kakudwala mutu," anayankha a Nasoro.

"Kachotseratu za kachewere woola, bambo," anatero Zuleka. "Sikakondera munthu."

A Jasper anayang'ana panja. Tsidya la msewu, lole ya wogula wochokera ku Limbe inali kulira, ikudikira yankho lawo. Anaikwezera dzanja kuti izipita.

"Ndagulitsa. Mawa mubwere nako kumtunda, mayi. Achimwene anga ali ndi munda woposa wanga, koma amalonda sawakhulupirira."

A Nasoro anakanda ndevu, kenako anakankhira mwana wawo mpando wa pakauntala.

"Kamadziwanso za tomato?"