Kabotolo ka Poizoni

"A Ezekiele, galu wanu ndi uti?" anafunsa mayi wa ku labu, pepala lili m'manja.

A Ezekiele analoza Poizoni. Sabata yatha anthu ofufuza njoka za m'mimba zochokera kwa agalu anagawa timabotolo pa Golomoti, ati aliyense aikemo chimbudzi cha galu wake. Ndiye kunamveka mphekesera zoti galu wopezeka nazo aphedwa. A Ezekiele, pofuna kupulumutsa galu wawo wa uzimba, anangozungulira kuseri n'kudzaza okha kabotoloko. Abale inu!

"Njoka ya agalu sitinaipeze," anatero mayiyo pagulu, apongozi a bambowo atakhala kutsogolo kwenikweni. "Koma tapezamo njoka zina, zija zimagwira anthu okhaokha."

"Amadyatu nane mbale imodzi," anayankha a Ezekiele, maso ali pansi.

Mayiyo anawapatsa timapiritsi, osaseka n'komwe.

"Agalu sitipha, bambo, timangowachiza. Awa mukamuuze Poizoni amwere madzi, komanso azivala nsapato akamapita kumunda."

Anthu onse anayang'ana kaye mapazi a Poizoni, kenako anayang'ana mapazi a mwini wake.