Munati Nditseke Pakamwa, Ndinatseka

Panali munthu wina amene ankaliza lipenga m'bandi ya pahotela ina. Anzake ankamutcha Mkokomo, chifukwa akaliika pakamwa ngakhale ophika ankasiya mapoto n'kudzasuzumira pakhomo. Luso anali nalo, limenelo sitingamulande. Koma matama ake, abale inu, ankaposa lusolo.

Aliyense woliza lipenga amadziwa kuti lipenga limatsamira milomo, ndipo milomo imatsamira mano akutsogolo. Mano akagwedera, nyimbo yathera pompo. Mkokomo ankazidziwa zimenezi, koma kwa dokotala wa mano anali asanapondeko chibadwire.

Mkazi wake anali telala. Mayiyu ankapita ndi ana awo kuchipatala kukaonetsa mano ndi kukawatsukitsa, ndipo ndi amene anayamba kuona magazi pa mswachi wa mwamuna wake.

"Bambo, nkhama zanu zikutuluka magazi. Tiyeni tipitire limodzi akakuoneni," anatero.

"Dzino likundiwawa? Ayi. Ndiye ndikatani kumeneko? Munthu wamkulu ngati ine kukayasamulira mwamuna mnzanga?"

Tsiku lina mayiyu anapita kuhotela kuja kukapereka jekete limene anamusokera. Anapeza bandi yonse ili m'chipinda chovalira. Pomuveka jeketelo, anamunong'oneza kuti, "Bambo, m'kamwamu mwayamba kumveka fungo. Chonde pitani kuchipatala."

Kunali kunong'ona chabe, palibe anamva. Koma Mkokomo anakweza mawu.

"Tamverani kuno anzanga! Telala wasanduka dokotala wa mano! Iwe, m'kamwa mukununkhamu ndi momwe umadyera ndi ana ako. Kuyambira lero tseka pakamwa pakopo. Ukadzatchulanso mano anga, udzalongedze!"

Anzake aja anafa nacho chiseko. Mayiyo anatola tepi yake yoyezera imene inagwa pansi, misozi ikulengeza m'maso.

"Ndamva, bambo," anatero.

Ndipo anamvadi. Mtima wake unawawa, n'kulumbira kuti nkhani ya mano sadzaitchulanso ngakhale zitavuta bwanji. Akapeza magazi pa pilo, ankangochapa n'kuyanika. Anaona nkhama zikutupa, kenako zikufota mpaka mano kuoneka ataliatali ngati a hatchi, iye duu. Anaona mwamuna wake akukankha dzino ndi lilime pagalasi, iye n'kungodutsa ndi tsache lake.

Mkokomo atazindikira kuti dzino lina likugwedera, sanapite kuchipatala, poopa kuti mkazi wake angamuseke. Anakagula kabotolo ka ufa kwa mkulu wina wosamudziwa wa padepoti ya mabasi, amene anamulonjeza kuti mano alimba ngati misomali. Ankapaka m'mawa ndi madzulo, ufawo n'kumamuotcha mpaka misozi. Mkazi wake ankangomupatsira kapu ya madzi ochukuchira.

Mng'ono wake wa mayiyo zinamukwana.

"Achemwali, alamu akutha inu mukungoyang'ana?"

"Anandiuza nditseke pakamwa pamaso pa anthu. Ine ndine mkazi womvera."

Ananena zimenezo akupalasa makina ake. Masiku amenewo ankalandira ntchito iliyonse yobwera, madiresi, mayunifomu, makatani, chifukwa ankadziwa kumene zinkalowera.

Kenako linafika tsiku la ukwati wa mwana wa mwini hotela. Bwanayo anapempha kuti mkwatibwi akamalowa, Mkokomo alize yekha lipenga. Holo inadzaza. Mkokomo anaimirira ndi jekete lake lija, n'kukanikiza lipenga pamilomo kuti akweze nyimbo. Chimene chinatuluka ndi "pfuuu", ngati tayala laphwa. Anayesanso mwamphamvu. Dzino lakutsogolo linapindikira m'kati, magazi chuu pa malaya oyera. Mkwatibwi anaima pakati panjira atagwira pakamwa. Ndipo oyamba kuseka anali anzake omwe aja, amene anaseka mkazi wake. Ine chisoni ndilibe, ndikuuzeni zoona, chifukwa samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mawa lake anapita yekha kwa dokotala wa mano, popanda womukakamiza. Anayasamula bwinobwino, matama onse atathera panjira.

"Achimwene, nkhama zanu zinadwala kalekale, mpaka fupa logwira mano ladyeka," anatero dokotala. "Matendawa poyamba sapweteka, amangotulutsa magazi ndi fungo. Mukanabwera nthawi imeneyo, tikanangopala zolimba zamatirira m'manozi n'kutsuka, basi. Ufa wanu uja wangowonjezera zilonda. Mano akutsogolowa sitingawapulumutse, tiwazula. Kodi kunyumba kunalibe munthu woona zimenezi?"

Mkokomo anazulidwa manowo tsiku lomwelo. Pochoka kumeneko anadzera kuhotela, n'kupeza wina atakhala kale pampando wake. Mwini hotela anamupatsa lipenga lake m'bokosi n'kumufunira zabwino.

Kunyumba anapeza mkazi wake ali pa makina. Analankhula movutikira, thonje lili m'kamwa.

"Iwe unkaziona zonsezi. Bwanji sunandiuze?"

Mayiyo sanafulumire. Anamaliza kaye msoko wake, n'kudula ulusi ndi mano ake oyera mbee, kenako anamuyang'ana m'maso.

"Munati nditseke pakamwa, bambo. Ndinatseka. Tsopano pachikani lipengalo pa msomali apo, mukhale pansi, telala akudyetseni."

Phunziro: Musamadikire kuti dzino liwawe. Magazi pa mswachi ndi fungo la m'kamwa ndi chenjezo, ndipo mswachi pawokha sungachotse zolimba zimene zamatirira m'mano. Muzipita kwa dokotala wa mano kukaonetsa ndi kukatsukitsa ngakhale pasakupweteka paliponse, osati kwa ogulitsa ufa m'misewu. Komanso wokutsina khutu ndi mnansi, musamuchititse manyazi, chifukwa akakhala chete mudzalira nokha. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka abambo amakani aja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.