Belu la Pakona

"Bambo, tsikani. Apa nkoyenda chokankha," anatero mwana wanga wamkazi.

Tinali pamwamba pa phiri ndi njinga zathu. Kumunsi kunkaoneka tchalitchi chakale chamiyala, chopanda denga, chimene alendo amadzajambula. Kanjira kake nkotsetsereka, ndipo kamakhota kuseri kwa thanthwe.

Mkamwini wanga anaseka. "Mawondo atopa awa, apongozi. Mukakankha lero, njingayi tigulitsa, tikugulireni mpando wandalema."

Ndinamanga lamba wa chipewa.

Zaka zonse zimene tinkabwera kuno, mkazi wanga ndiye ankatsogola potsika. Akadutsa pakonapo ankaliza belu kawiri, kundiuza kuti njira ili bwino. Ine ndinkangotsatira. Chimwalirireni iye, ndinali ndisanapondeko.

Ndinasiya mabuleki.

Matayala ankadumpha pamiyala. Thanthwe litayandikira ndinatchera khutu mwachizolowezi, koma kunali zii. Ndinapendeketsa njinga n'kukhota. Njira inali bwino.

Chala chinapita chokha pabelu. Ndinaliza kawiri.

Nditafika pakhoma la tchalitchi ndinakhala pamwala umene mkazi wanga ankakonda kuvulirapo nsapato. Posakhalitsa mwana wanga anatulukira pakona paja, ali panjinga, maso ali ofiira.

"Belu limeneli ndi la amayi," anatero atatsika.

"Ndinalimanga dzulo."

Analiyang'ana nthawi yaitali, osalikhudza.

"Amuna ako ali kuti?" ndinafunsa.

"Akubwera. Akukankha."

Ndinasendera kuti akhale pamwalapo.