Chidindo cha Disembala

Amuna awiri ankayeza khoma la laibulale ndi tepi pamene bwana anadzaima patebulo langa.

"Mayi, zolinga zanu za chaka chino ndikuzifuna lero. Za ntchito ndi za moyo wanu."

"Bwana, tandiuzani kaye. Chipinda chino akutilanda kapena ayi?"

"Akuluakulu sanagamule," anatero, maso ali kudenga.

Sanagamule chiyani, pomwe amunawo anali atakankhira kale shelefu ya mabuku a ana pakona? M'mawa womwewo mwamuna wanga anali atandiuza kuti ndiyambe kufunsira ntchito kwina. Kwina kuti? Ine chomwe ndimadziwa ndi mabuku basi.

Kenako analowa atelala, bambo wachikulire amene anaphunzira kuwerenga imvi zitamera kale. Anaika chibuku chachikulu patsogolo panga.

"Mwanangu, ine ndimawerenga ndi chala, mzere ndi mzere. Ndidzabweze liti?"

Lamulo limati mwezi usathe. Ndinatenga chidindo cha tsiku lobwezera, n'kuzunguza kagudumu ka miyezi mpaka kanafika pa Disembala.

"Disembala?" bwana anadabwa. "Mayi, mutu ukugwira?"

"Mwafunsa cholinga changa, ndi chimenechi. Bukuli ndidzalilandira ndine, patebulo pompano."

Ndinadinda. Inki inali itauma, ndipo papepala sipanaoneke kanthu. Atelala ankangodikira. Ndinauzira mpweya pachidindocho, n'kudindanso ndi manja onse awiri, kumbuyo kwanga tepi ikukhwekhwerezeka pansi kulunjika ku miyendo ya tebulo langa.